Ntchito imene sinafike pamsika

Lero ndikutengereni ku Mangalande, ku nkhani imene ena mwa inu munganene kuti siyenera munthu wa imvi: masewero a pa kompyuta. Ndiloleni ndithu, pakuti m'katimo muli thukuta la anthu.

M'chaka cha 1982 kunatuluka makompyuta awiri a m'nyumba, ZX Spectrum ndi Commodore 64. Ankawalumikiza ku wailesi ya kanema, ndipo masewero ake ambiri ankagulitsidwa pa makaseti onga aja tinkamvetserapo nyimbo. Timakampani topanga masewerowa tinamera ngati bowa, ndipo tambiri tinafotanso msanga ngati bowa yemweyo.

Mu 1992 kampani ya Hi-Tec Software, ya mumzinda wa Sheffield, inali itakonza masewero a Daffy Duck, kabakha kolongolola ka m'makatuni, a pa Commodore 64. Magazini ya Zzap!64 inawayesa ndi kuwayamikira kwambiri. Koma kampaniyo inagwa isanawatumize m'masitolo, ndipo ana amene anali atasunga timakobidi tawo anadikira chabe.

Ife amene tinakalambira m'boma tikudziwa bwino kusiyana kumene kuli apa. Kalata imene inatumizidwa imasiya makope m'mafayilo a maofesi angapo. Ofesi imodzi ikapsa, mudzaipeza kwina. Koma imene inathera pa tebulo la bwana ndi pepala limodzi lokha. Masewero amene anagulitsidwa ali m'nyumba zikwizikwi, pamene amene sanatuluke mwina atsala pa disiki imodzi, m'katoni ya kudenga kwa amene anawalemba. Disikiyo ndi kapulasitiki kopyapyala kopakidwa maginito. Chinyezi chimaidya, chuku chimameramo, ndipo makina oiwerengera akutha. Mwini wake akatsikira kuli chete, achibale pokonza m'nyumba amaiona ngati chinyalala, osati mwa nkhanza, koma chifukwa palibe anawauza chimene chili m'menemo.

Mu 1999 a Frank Gasking anayamba ntchito yotchedwa Games That Weren't, yofunafuna masewero otere. Ndi ntchito ya chipiriro. Amasaka anthu amene anasiya zolembazi kalekale, kuwapempha kuti afufuze m'makatoni awo, ndi kukopera disiki iliyonse mosamala, chifukwa ina imalola kuwerengedwa kamodzi kokha isanawonongekeretu. Daffy Duck anapezeka mu 2015, patapita zaka 23, pa madisiki a mmodzi mwa amene anamupanga. Sanapezeke wathunthu wongoyatsa ayi; kunali kofunika kulumikiza zidutswa za malangizo ake kufikira kabakha kaja kanayendanso pa kanema.

Ena adzati, nanga phindu lake n'lotani, poti masewerowo ndi achikale ndi osaoneka bwino? Ine ndikuona kuti olemba aja anagwira ntchito miyezi yambiri, ndipo ngongole za ena n'zimene zinaikwirira. Kuifukula n'kuwabwezera dzina, angakhale malipiro anapita.

Si onse amapezeka. Mu 1984 kampani ya Ultimate Play the Game inatulutsa Underwurlde pa ZX Spectrum. Wosewera akafika kumapeto ankapeza makomo atatu, lililonse likutchula masewero otsatira. Awiri mwa iwo, Knight Lore ndi Pentagram, anatulukadi. Khomo lachitatu linkalonjeza Mire Mare, ndipo ana amene anatulukira pamenepo, ena lero ali ndi zidzukulu, sanawaonebe.