Za ku Mars pansi pa mtengo wa mango

Loweruka lililonse ndikamaliza pulogalamu ya m'mawa pa wailesi, ana amandidikira pansi pa mtengo wa mango. Timawerenga buku la H. G. Wells la 1898, lonena za zamoyo za ku Mars zimene zinabwera kudzathira nkhondo dziko lapansi. Bukulo lili m'Cipwitikizi. Ine ndimawerenga ndime imodzi, iwo n'kuifotokoza m'Cinyanja.

Poyamba ankangobwereza mau ngati zinkhwe. Tsiku lina mtsikana wina anafunsa kuti, "Amalume, zinthu zamphamvu conci zinafa bwanji, mfuti zitalephera?" Ndinamuuza kuti abwererenso pa tsambalo. Anapeza yekha yankho: zinaphedwa ndi tizilombo ta matenda timene matupi athu anatizolowera kale.

Mu 1938, Orson Welles anaulutsa nkhani yomweyi ngati sewero pa wailesi ku America, ndipo omvera ena anakhulupirira kuti nkhondo yayambadi. Ine amene ndimalankhula pa wailesi tsiku ndi tsiku, zimenezi zimandiopsa. Mphekesera za pa WhatsApp zimafika m'mudzi ine ndisanatsegule pakamwa. Koma mwana wozolowera kufunsa kuti "walemba ndani, ndipo akufuna ciani?" sangathawe m'nyumba usiku cifukwa ca bodza.