Uchoke pano ukudziwa zimene sungagulitse

Mwana wanga wokondedwa,

Atsibweni ako akulangiza kale, bambo ako nawo anena zawo. Ine ndasankha kulemba, kuti ukakhazikika ku Lilongweko uzikatha kutsegula pepalali n'kumva mawu anga popanda phokoso la anthu otsanzikana nawe.

Ntchito wapezayi ndi ya sikelo ndi kaundula. Uzikaima pakhomo la nyumba yosungiramo mbewu ku Kanengo, matumba a soya ndi mtedza akutsika m'malole, iwe ukuyeza ndi kulemba. Ndakondwa kwambiri, ndipo ndayamika Mulungu. Koma ndikufuna uchoke kuno ku Ntchisi utadziwiratu zinthu zimene sungachite ngakhale wina atakuunjikira ndalama patebulo. Ukadikira tsiku limene dalaivala adzakunong'oneze kuti, "Achemwali, onjezerani matumba asanu pa lisitipo, ya fanta ilipo," udzakhala utachedwa. Tsiku limenelo lendi idzakhala itakwana, makala atatha, malipiro ali kutali. Munthu wapanikizika sasankha bwino, amangogwira chimene chili pafupi.

Mwina ukufunsa kuti zinthu zakezo ungazidziwe bwanji. Usayang'ane zimene umayankha pagulu akakufunsa, chifukwa pagulu tonse ndife olungama. Yang'ana chimene chimakuwawa mumtima ukachiona chikuchitika, ngakhale chisakukhudze iweyo. Kumbukira chaka chija uli ku sekondale, titapita kukagulitsa soya kwa mavenda. Sikelo anaikoleka panthambi ya mtengo, thumba limene tinayeza kunyumba litadzaza bwino linatsika ndi makilogalamu angapo. Ife akuluakulu tinangoyang'anana, poti ndalama ya fizi inkafunika tsiku lomwelo. Iwe sunalankhule za thumba lathu. Unkayang'ana agogo ena amene anali patsogolo pathu, atasenza kathumba kawo kuchokera kuphiri, akuwerenga ndalama zochepa zija kawirikawiri ngati ziwonjezekera m'manja. Unayenda ulendo wonse wobwerera osatsegula pakamwa, ndipo nsima ya madzulo sunadye. Pamenepo ndinadziwa kuti mwana wangayu kubera munthu wosauka kumamudwalitsa. Sindinakuphunzitse ndine, unali nacho kale. Tsopano sikelo ija ikubwera m'manja mwako, ndipo kuseri kwa thumba lililonse kuli munthu wonga agogo aja, amene anapalira, kuzula, kumenya ndi kupeta.

Pali malo pafupi ndi kwathu kuno amene ndikufuna uwaganizire. Dzaleka, ku Dowa, iwe umaidziwa ngati msasa wa anthu othawa kwawo, monga yakhalira kuyambira 1994. Kale inali ndende ya anthu omangidwa pa zifukwa za ndale. M'zaka za m'ma 1970 munatsekeredwa a Mboni za Yehova ambirimbiri, amayi ndi abambo, chifukwa chokana kugula khadi la chipani. Boma linaletsa mpingo wawo mu 1967, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Nyumba zawo zinatenthedwa, ambiri anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Khadilo silinali lodula, aliyense akanatha kuligula n'kupita kumsika mwamtendere. Ife a CCAP sitipemphera nawo, ndipo pali zambiri zimene timasiyana nawo. Koma ndimawapatsa ulemu pa chinthu chimodzi: anadziwa pamene pali malire awo, achinyamata a chipani a Youth League asanagogode pakhomo. Sindikukupempha kuti ukavutike ngati iwo, ndipo ndikupemphera zisadzakufikire. Ndikungofuna uone kuti munthu wamba, wa mpango kumutu ngati ine, akhoza kunena kuti "ichi ayi" n'kukhala pomwepo.

Mbali inayo unaionanso, ngakhale unali wamng'ono. Mu 2013 dziko lonse linkakamba za Cashgate. Ndalama za boma zinkatuluka ku Capital Hill kupita ku makampani amene sanagwire ntchito iliyonse, zina zinapezeka m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba za anthu. Mayiko otithandiza anaimitsa thandizo lawo, ndipo amene anamva kuwawa ndi odwala m'zipatala zathu. Ena mwa omangidwawo anali makalaliki ngati iwe, ana a anthu, ophunzira bwino, oimba nawo nyimbo Lamulungu. Ndikhulupirira kuti ambiri sanayambe ndi mamiliyoni. Anayamba ndi kusaina pepala limodzi poopa abwana, kapena poona kuti anzawo onse akutero.

Tsopano ndinene chimene chandilemetsa kwambiri, chimene atsibweni ako sanakuuze. Mayesero ako aakulu sadzachokera kwa madalaivala. Adzachokera kwa ife abale ako. Mvula ikayandikira foni yako sidzapuma: feteleza, mbewu, fizi ya mng'ono wako, malata a nyumba ya agogo ako, chopepesa pamaliro. Tikamva kuti uli pantchito ku Lilongwe timaganiza kuti ndalama umangotola. Ndipo iwe, poti ndiwe wachifundo, udzafuna kuthandiza aliyense. Apa ndi pamene zinthu ziwiri zabwino zimene uli nazo zidzalimbane, kukonda abale ndi kukana chinyengo. Anthu ambiri abwino agwera pamenepa, akudziuza kuti akuba chifukwa cha ana a mchemwali wawo, osati chifukwa cha mimba yawo.

Choncho ndikumasula lero, ine mayi ako. Ukakhala ulibe, unene kuti ulibe. Ndikadzakuimbira ine ndemwe n'kulira za feteleza, iwe ulibe ndalama yoyera, undikanize. Ndidzadandaula, mwina ndidzakwiya masiku angapo, koma munda tidzathira manyowa ndipo tidzadya zimene zidzatuluke. Thumba la feteleza logulidwa ndi makilogalamu a mlimi mnzanga sindikulifuna m'munda mwanga. Mawu awa uwasunge, udzandikumbutse nawo ngati njala idzandiiwalitse.

Zina zonse ndikusiyira iwe. Kavalidwe ka mtauni, anzako ocheza nawo, mnyamata amene adzakufunsire, izo udzaona wekha, ndiwe wamkulu tsopano. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Pali zimene ine ndimazigwiritsa chifukwa ndinakulira nazo, iwe udzazipeza zosafunikira, ndipo sindidzakutenga ngati wolowerera. Chimene ndikupempha ndi chakuti zochepa zimene wasankha kuti ndi zako uzichite Lachitatu kuntchito monga umazinenera Lamulungu kutchalitchi. Mwezi ukatha uziyang'ana kumene malipiro ako apita ndi anthu amene wathera nawo nthawi. Ukaona kuti sizikugwirizana ndi zimene umati ndi zofunika kwa iwe, ukonze msanga. Upezenso mayi mmodzi wachikulire kumpingo kapena kuntchito, woti akhoza kukudzudzula osakuopa, uzimuuza zimene zikukuvuta zisanakule.

Akadzakupanikiza kuti ulembe zabodza, usachite mwano. Uyankhe mwaulemu kuti sungathe, ndipo zimene wayeza uzisunga m'kabuku kako, tsiku ndi tsiku, ndi nambala ya galimoto. Ngati ntchito idzathere pamenepo, ubwere kunyumba. Chipinda chako chilipo, munda ulipo, ndipo palibe amene adzakuseke ine ndili moyo.

Kalata yako yosamukira mpingo abusa asaina, ili m'thumba lam'mbali la chikwama pamodzi ndi chiphaso chako. Ufa ndi nsinjiro ndamanga pazokha, ugawireko azakhali ako amene ukafikire. Ukafika uimbe pa foni ya mlongo wako, poti yanga batire yake yafooka.

Upite bwino, mwana wanga. Mulungu akutsogolere.

Ndine,
Mayi ako