Za Thumba la Atate Athu

Lero tifuna kukusimbirani nkhani imene ambiri aiyesa yochititsa manyazi. Tidazengereza masiku ambiri tisanagwire cholembera, pakuti mwambo wa makolo utiletsa kutchula poyera za thupi la munthu wamkulu. Koma atate athu eni ake adati kwa ife: "Lemba, mwana wanga. Alipo madoda ambiri amene akuvutika chinunu m'nyumba zawo chifukwa cha manyazi." Chotero tilemba ndi chilolezo chawo, ndipo tipempha kuti muwerenge ndi ulemu umene uyenera imvi.

Chaka chathachi, m'nyengo ya chisanu, atate athu, amene ali ndi zaka 78, adayamba kudzuka kasanu usiku uliwonse kupita kuseri, koma sadauze munthu. Usiku wina mkodzo udatsekeratu. Adapirira kufikira tambala woyamba, nadza kudzagogoda pakhomo pathu atawerama, thukuta lili kamukamu chinkana kunali kuzizira, m'munsi mwa mimba mutatupa ndi kuuma ngati chipanda. Tidabwereka galimoto ndi kuthamangira nawo ku chipatala.

Kumeneko dokotala adatifotokozera kuti pansi pa chikhodzodzo cha mwamuna aliyense pali kachiwalo kotchedwa prostate, kukula kwake ngati suku, ndipo njira ya mkodzo ipyola pakati pake. Munthu akamakalamba, kachiwaloka nthawi zambiri kakula ndi kufinya njirayo, monga muja munthu apondera paipi ya madzi m'dimba. Si ufiti ayi, ndiponso si chilango cha chiwerewere monga anong'onezana ena. Ndi nthenda ya ukalamba imene igwera olungama ndi ochimwa omwe. Adalowetsa kapaipi kofewa m'chikhodzodzo, ndipo mudatuluka mkodzo wopitirira lita imodzi. Atate adausa moyo, nathokoza Mulungu, nagona tulo pomwepo.

Popeza tidakhala m'chipatala masiku atatu, tidafunsa zambiri, monga achitira munthu amene adadutsako ku seminale. Kapaipi kaja madokotala akatcha catheter, ndipo mtundu umene ukhalitsa m'thupi utchedwa ndi dzina la Frederic Foley, dokotala wa mu mzinda wa St. Paul ku America, amene adauonetsa kwa madokotala anzake m'chaka cha 1935. M'kati mwake muli tinjira tiwiri. Kena ndi ka mkodzo. Kena ndi kopitira madzi oyera, mamililita 10, amene atupitsa kabaluni ku nsonga ya kapaipi m'kati mwa chikhodzodzo. Kabaluni kameneka ndiko kaletsa kapaipi kusololoka. Chifukwa chake munthu asayese konse kukazula ndi mphamvu, pakuti adzang'amba njira ya mkodzo. Namwino yekha, atayamba wachotsa madzi a m'kabaluni, ndiye akatulutsa bwino. Kunenepa kwa kapaipi kuyesedwa ndi manambala amene adakonza Charrière, mmisiri wa zipangizo za madokotala ku Paris m'zaka za m'ma 1800. Manambala atatu akwanira milimita imodzi, motero ka atate athu, ka nambala 16, kadapitirira pang'ono mamilimita 5. Tidakondwanso kumva kuti m'chaka cha 1752 Benjamin Franklin wa ku America adakonzetsa kapaipi kasiliva kotha kupindika chifukwa cha mkulu wake John, amene anali kuzunzika ndi miyala ya m'chikhodzodzo. Chifundo cha pachibale chidakhalapo pa ntchito imeneyi kuyambira kale.

Ku mapeto a kapaipi kuli paipi ina yaitali yotsikira m'thumba la pulasitiki looneka za m'kati. Thumbalo lilandira mamililita 2000, lili ndi mizere ndi manambala m'mbali mwake, ndi kampopi kotayira pansi pake. Poyamba tidayesa kuti mizereyo ilibe kanthu, koma namwino wina wachikulire adatiphunzitsa. Impso ziwiri za munthu zisefa madzi a m'magazi okwana ngati malita 180 tsiku lililonse, ndi kubweza pafupifupi onse m'thupi. Amene atuluka ngati mkodzo ndi lita imodzi kapena awiri okha. Impso sizioneka ndiponso sizilankhula, tsono thumba lija ndilo mboni yake. Munthu wamkulu ayenera kutulutsa osachepera theka la mililita pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa ola limodzi. Atate athu alemera makilogalamu 60, ndiye kuti mamililita 30 pa ola. Mkodzo ukachepera mamililita 400 tsiku lathunthu, pamenepo pali ngozi. Kwa odwala kwakayakaya tidaona chipangizo china: kabokosi kolimba ka mizere yothithikana kamene kakhala pamwamba pa thumba. Namwino awerenga kabokosiko ola lililonse, nalemba, nakhuthulira mkodzowo m'thumba, kuti dokotala adziwe msanga ngati magazi achepa kapena impso zayamba kufooka.

Potitulutsa, namwino uja adatipatsa malamulo anayi. Thumba likhale pansi kuposa chikhodzodzo nthawi zonse, koma lisakhudze dothi. Paipi isapindike kapena kugonedwa. Tisalekanitse kapaipi ndi thumba popanda chifukwa. Tisambe m'manja ndi sopo tisanagwire ndiponso titagwira, titaye mkodzo thumba lisanadzaze, ndipo kampopi kasakhudze chotayiramo. Adatiuzanso kuti tigule kope ndi kulemba m'mawa ndi madzulo kuchuluka kwa mkodzo ndi maonekedwe ake. Ife amene tidazolowera kulemba maina a akatekumeni ndi a ana obatizidwa tidatsegula kaundula wachilendo ndithu.

Titafika kumudzi padabuka funso lovuta: adzagwira ntchitoyi ndani? Amayi athu adatsogola kale. Akazi athu ndi mpongozi, ndipo mudziwa nonse kuti mpongozi safika pogona apongozi ake. Alongo athu adakwatiwa kutali. Tidatsala ife, mwana wamwamuna amene chibadwire sadaonepo atate ake osavala. Kawirikawiri tidaphunzitsa ana za Semu ndi Yafeti, amene adafunditsa Nowa chofutukira m'mbuyo. Koma sitidaganizepo kuti pali nthawi imene lamulo lachinayi lifuna kuti mwana ayang'ane, asambitse, napukute. Tsiku loyamba manja athu adanjenjemera. Atate adatembenukira kukhoma, ife tidawafunditsa nsalu kusiya pokhapo poyenera kutsukidwa ndi madzi ndi sopo, ndipo tonse awiri tidakamba za mtengo wa feteleza ngati kuti palibe chimene chikuchitika. Umo ndimo tidachitira masiku onse otsatira.

Tsono tiulule cholakwa chathu. Atate adakana bedi, nati adagona pamphasa zaka zonse za moyo wawo. Ife tidawalekerera, ndipo thumba lidakhala pansi pambali pawo, molingana ndi thupi lawo. Kenaka Lamulungu lina Akristu a m'mphakati wathu adadza kudzapemphera nawo. Pomva nyimbo yawo pabwalo, mtima wathu udagwidwa ndi manyazi. Tidanyamula thumba lija lili ndi mkodzo, ndi kulibisa m'bulangeti pamwamba pa mimba ya atate, ndipo lidakhala momwemo kufikira dzuwa litapendeka. Patapita masiku atatu atate adatentha thupi ndi kunjenjemera. Mkodzo udachita mbuu ndi kununkha. Usiku adatiitana ndi dzina la mng'ono wawo amene adamwalira kalekale.

Tidayesa malungo, koma ku chipatala adapima magazi osawapeza. Namwino yemwe uja adatiyang'ana nafunsa mofatsa kuti: "Aphunzitsi, kodi thumba lija mumaliika pati?" Tidanena zoona. Iye sadatikalipire. Adati madzi satha kukwera phiri, atsetsereka basi. Thumba likakwera pamwamba, mkodzo wakale umene tizilombo taswanamo utha kubwerera kumene udachokera, ndipo likagona pansi chikhodzodzo sichikhuthuka bwino. Adatinso kapaipi kalikonse ndi khomo lotsekukira tizilombo, kotero kuti mwa odwala 100 okhala nako, atatu kufikira asanu ndi awiri alowedwa tizilombo tsiku lililonse, ngakhale asamalidwe chotani. Nchifukwa chake madokotala sakonda kukasiya tsiku limodzi lopanda chifukwa. Kale paipi inali kungotsikira m'botolo lapululu, ndipo pafupifupi odwala onse anali kulowedwa tizilombo pasanathe masiku anayi. M'chaka cha 1966 Kunin ndi McCormack a ku America adaonetsa kuti njira yotsekeka kuyambira pa kapaipi kufikira m'thumba ichepetsa kwambiri matendawa. Nzeru imene anthu ophunzira adaipeza movutikira, ife tidaipeputsa chifukwa cha maso a alendo.

Bambo mfumu adadza kudzawadzoza mafuta a odwala. Usiku umenewo tidakhala pambali pa bedi, korona ali m'manja, maso ali pa mizere ya thumba, tikuwerenga madontho monga tiwerengera mikanda. Pamenepo tidadzifunsa kuti: kodi manyazi amene tidabisa m'bulangeti anali a yani? Atate sadatipemphe kubisa kanthu. Anali manyazi a katekisiti wofuna kuti nyumba yake ioneke yaudongo pamaso pa amene iye awaphunzitsa. Ndipo mwa alendo aja munali amayi amene adasamala amuna awo mpaka kumanda, amene thumba lotere silikadawadabwitsa konse. Mulungu adatichitira chifundo: adasintha kapaipi, nawapatsa mankhwala opha tizilombo, ndipo patatha sabata atate adafunsa nsima.

Pobwerera tidakhoma bedi la matabwa, ndi msomali m'mbali mwake wokolowekapo thumba, pansi pa wodwala koma pamwamba pa dothi. Akazi athu, amene sangalowe m'chipindamo, adasoka kathumba kachitenje kovekera thumba lija, kotseguka pansi pake. Potero mpongozi adatumikira apongozi ake osaswa mwambo, ndipo alendo aona maluwa a chitenje basi.

Kope lija nalonso lidaonetsa ntchito yake. Masabata angapo manambala adayenda bwino, 1500, 1400, 1600. Kenaka adayamba kutsika: 1100, 800, 600, ndipo mkodzo udada ngati tiyi wopanda mkaka. Tidafufuza paipi, sidapindike, thupi silidatenthe. Tsiku lachinayi mdzukulu wawo adatiuza kuti agogo akuthira madzi awo akumwa pa tsinde la mpapaya. Titawafunsa, adakhala chete nthawi yaitali, nati: "Kodi ndidakubala kuti uzidzuka usiku kunditayira mkodzo? Ndikamwa pang'ono, iwe ugona." Misozi idatilengeza. Tidati: "Atate, pamene tinali khanda, inu ndi amayi mudawerenga kodi usiku umene tidakudzutsani?" Sadayankhe, koma adatambasula dzanja nalandira chikho. Wodwala wotere ayenera kumwa madzi okwanira, ngati malita awiri pa tsiku, pokhapokha dokotala atamletsa chifukwa cha mtima kapena impso. Pakuti madziwo ndiwo atsuka kapaipi kuti kasatseke. Chikhala kuti sitidalembe manambala, bwenzi chifundo chawo chobisika chitawabwezera ku chipatala.

Kwa inu amene muli ndi wodwala wotere m'nyumba, tinena izi. Thamangirani ku chipatala msanga ngati mkodzo waleka kutsika kwa maola angapo ndipo mimba ikupweteka, ngati mwaona magazi oundana, ngati thupi latentha kapena mutu wasokonezeka, ndiponso ngati kapaipi kasololoka. Sungani tsiku losinthira: timapaipi tamphira tisinthidwa pakatha ngati masabata anayi, ta silicone titha kufika masabata khumi ndi awiri, monga akuuzireni a chipatala. Ndipo inu madoda, mukaona kuti mkodzo wayamba kuchedwa kapena kudontha, pitani mukapimidwe usanatseke. Musadikire tambala woyamba monga adachitira atate athu.

Chidatsala chinthu chimodzi chowawa: atate adaleka kupita ku tchalitchi, poopa kuti anthu adzawaloza. Namwino adatipezera kathumba kakang'ono ka mamililita 500 komangirira pa mwendo, kobisika m'buluku. Pa 11 February, tsiku la Amayi Maria a ku Lourdes, limene Papa Yohane Paulo Wachiwiri adalikhazikitsa m'chaka cha 1992 kuti likhale tsiku la odwala pa dziko lonse, atate adavala jekete lawo lakale, natenga ndodo, nayenda pang'onopang'ono kufikira pa benchi yawo ya masiku onse. Itatha Misa, madoda awiri adawatengera pambali pansi pa mtengo wa mango ndi kuwafunsa monong'ona. Mmodzi wa iwo tidamperekeza ku chipatala sabata lomwelo.

Tsopano atate akuyembekeza tsiku la opaleshoni, imene ikatheka idzawamasula ku kapaipi. Kope loyamba lidadzaza, tili m'lachiwiri. Madzulo aliwonse, tikataya mkodzo ndi kusamba m'manja, iwo afunsa kuti: "Lero ndakhoza bwanji, aphunzitsi?" Tikawauza nambala aseka, ndipo tiyamba mapemphero a madzulo. Tiwapereka m'mapemphero anu, pamodzi ndi odwala onse a m'parishi yathu ndi amene awasamala usiku. Kamilo Woyera wa ku Lellis, nkhoswe ya odwala ndi anamwino, amene iye mwini adayenda ndi chilonda chosapola pa mwendo kufikira imfa yake m'chaka cha 1614, atipempherere ife tonse.

Tsalani ndi mtendere wa Ambuye.

Ife, katekisiti wanu.