Gitala imene anasiya abambo ake

Mvula ya namondwe wa Freddy itakata mu Malichi 2023, tinayamba kutulutsa katundu padzuwa. Pakhomo pathu kuno ku Neno sitinaone zoopsa ngati zimene anaona anzathu a ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe, koma denga linadontha masiku angapo, makamaka kuchipinda kumene ndimasungira zinthu za malemu amuna anga. Pamwamba pa wadilopu panali gitala imene iwo anabwera nayo kuchokera ku Johannesburg mu 2009. Mwana wanga wachisamba ataitsitsa anangoti kakasi. Vanishi anali atachita mbuu n'kuyamba kusupuka, ndipo thabwa lakumaso linali litatupa malo awiri ngati matuza a moto.

Mnyamatayu anali ndi zaka 16. Abambo ake anatisiya iye ali ndi zaka 12, atangoyamba kumuonetsa poika zala pa nsambo. Sanalire tsiku limenelo, koma nsima yamadzulo anangoigwiragwira n'kusamba m'manja.

Ine nzeru yanga inali yachidule. Ndinati, "Tigule utoto wakuda, upake ponseponse, zipserazi zibisike."

"Amayi, imeneyo sikhalanso gitala ya adadi," anandiyankha choncho, osandiyang'ana.

Tinainyamula kupita nayo kwa bambo wina wachikulire wa mumpingo mwathu, amene anaphunzira ukalipentala ku Matandani, mishoni yakale ya m'boma lathu lino imene inayamba mu 1908. Iwo anaitembenuzatembenuza, n'kunena kuti magitala sapanga, koma thabwa amalidziwa. Anamasula nsambo zonse, natiuza kuti tikaiike pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa, ndipo tibwerenso mvula ikatheratu. Thabwa lonyowa ukaliumitsa mokakamiza limapindika kapena kung'aluka.

Tinabwerera mu Ogasiti, sukulu zitatsekera. Apa m'pamene ndinadziwa kuti chimene timachiona kumaso kwa magitala ambiri otsika mtengo si thabwa limodzi ayi. Ndi timatabwa topyapyala, kawirikawiri titatu, tomatidwa pamodzi ngati pulayiwudi, ndipo kapamwamba kokongolako, kamene akalipentala amati viniya, n'kopyapyala kuposa chikhadabo. Nthawi zambiri sikafika ndi milimita imodzi yomwe. Kakatha, katha basi.

Mwana wanga ankafuna kupaka siteni, utoto uja umene umalowerera m'thabwa n'kusiya mizere yake ikuoneka, kuti gitala ibwerere mtundu wake wa uchi. Akalipentala anamuchenjeza.

"Iwe mnyamata, penti amaphimba, koma siteni saphimba kanthu. Paliponse pamene wakanda, iye amakadikha pomwepo n'kuda kwambiri. Pamene pali guluu salowa, pamatsala poyera. Choncho ntchito yaikulu ili tisanatsegule chitini."

Atapala vanishi wakale ndi kachitsulo kopalira, anamuonetsa njira zitatu zofufuzira zilema. Yoyamba ndi kuwala. Anaitulutsa gitala m'mawa dzuwa likadali m'munsi, n'kuipendeketsa kuti kuwala kudutse chammbali. Timaenje ndi timikwasa timene sitinkaoneka m'nyumba tinayamba kuponya mthunzi. Usiku tochi imagwiranso ntchito yomweyo ukaigoneka pathabwa. Yachiwiri ndi khutu. Ankagogoda ndi chikhadabo pang'onopang'ono, ndipo pamene viniya wasiyana ndi thabwa la pansi pake pankamveka phwephwe, ngati ukugogoda chikho chopanda kanthu. Tinkadziwa matuza awiri, koma khutu linapeza asanu. Yachitatu ndi kansalu konyowa pang'ono. Akapukuta nako, thabwa lonse linkada kwa kanthawi monga mmene lidzaonekere likadzapakidwa, koma pamene panali guluu wakale pankatsala mbee. Malo onsewo mwana wanga ankawazunguliza ndi pensulo mosadinikiza.

Kenako anayamba kukonza chimodzichimodzi. Pa thuza lililonse anacheka kamzere ndi lezala latsopano, motsata mizere ya thabwa kuti chilonda chisadzaoneke. Analowetsa guluu woyera wa matabwa ndi nsonga ya lezala lomwelo, n'kufinya ndi chala kuti afalikire, n'kupukutiratu wotuluka asanaume. Pamwamba anaika kapepala ka pulasitiki kuti zisamatirire, kathabwa kosalala, ndi kathumba ka mchenga, usiku wonse. Njerwa anakana, chifukwa mimba ya gitala ndi yamphako ndipo ikhoza kubonyoka.

Timaenje tobwera chifukwa chogundidwa anatichiza ndi simbi yathu ya makala. Anaika kansalu konyowa pakadzenje n'kukhudzitsa nsonga ya simbi masekondi awiri kapena atatu. Nthunzi imatupitsa ulusi wa thabwa umene unaphwanyikira pansi, ndipo kadzenje kamadzuka. Koma zimatheka pokhapokha ulusiwo usanaduke, komanso ukachedwetsa simbi, kutentha kumasungunula guluu wa pansi n'kubala thuza lina. M'mphepete, pamene kachidutswa kanatsomphokeratu, anadula kachigamba kuchokera pa zotsala za m'shopu mwawo, n'kukagoneka kuti mizere yake iyang'ane kumene ikuyang'ana ya gitala. Utuchi wosakaniza ndi guluu, umene ambiri amatsekera nawo maenje, anati ndi wabwino ngati udzapaka penti, koma sumwa siteni mofanana ndi thabwa.

Chotsala chinali kukwecha. Anapatsa mwana wanga sandipepa wa nambala 180 ndi wa 220, wokulungidwa pa kathabwa kuti zala zisakumbe, namuuza kuti aziyenda njira imodzi yotsata mizere, osapingasa, osazungulira. Analemba timizere ta pensulo pathabwa ponse, nati, "Pensulo ikafufutika, leka. Usafune zambiri."

Apa m'pamene ine ndinalakwitsa. Masiku otsegulira sukulu anali atayandikira, ndipo ndinkaona kuti ntchito ikuyenda ngati nkhono. Panali banga limodzi la guluu pafupi ndi mphepete limene linkakana kuchoka. Tsiku lina mwana atapita kuchigayo, ndinatenga sandipepa wokhakhala wa nambala 80, wotsala pamene tinkakonza chitseko, n'kuyamba kukwecha ngati ndikutsuka mphika wopserera. Banga linachokadi. Koma pansi pake panatuluka thabwa la mtundu wina, lotuwa, mizere yake yopingasa. Ndinali nditabowola viniya, malo aakulu ngati chikhadabo cha chala chachikulu.

Ndinakhala pakhonde manja ali m'khosi. Maganizo oti ndingokhala chete anandibwerera, poti mwina akanaganiza kuti walakwitsa yekha. Koma atangotula thumba la ufa ndinamuitana n'kumuonetsa. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Bwanji simunandidikire, Amayi?"

Ndinalibe choyankha china koma kupepesa. Kuthamanga sikufika. Mwambi umenewu ndakhala ndikuuza amayi anzanga amene amasiyira panjira mankhwala akangomva bwino, koma tsiku limenelo unandigwira ndekha.

Akalipentala sanandidzudzule. Anati guluu wouma amapalidwa ndi lezala mopepuka, sakwechedwa, ndipo m'mphepete ndi mmene viniya amathera msanga chifukwa dzanja limalemera likafika kumapeto. Anati njira zilipo ziwiri: kudetsa mphepete yonse mozungulira kuti chipseracho chimire mumdima, kapena kuchisiya n'kungochithira mtundu pang'ono ndi kaburashi kuti chisamathwanime m'maso. Mwana wanga anasankha yachiwiri.

Pa nkhani ya fumbi ndi fungo ndi pokha pamene ine ndinakhala mphunzitsi, poti ndimathandiza mongodzipereka pa zaumoyo kumpingo kwathu. Ndinalamula kuti kukwecha ndi kupaka konse kuchitikire panja, mphepo ikuchokera kumbuyo, kukamwa ndi mphuno zitaphimbidwa. Fumbi la matabwa si lamasewera. Limayambitsa chifuwa, limadzutsa mphumu, ndipo mu 1995 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la World Health Organization inaliika pa mndandanda wa zinthu zoyambitsa khansa, makamaka ya m'mphuno kwa anthu amene akhala m'fumbilo zaka zambiri. Mwana wanga wamkazi ali ndi mphumu, choncho masiku amenewo ankaswera kwa azakhali ake. Kuphimba kumaso ndi nsalu kumachepetsa fumbi koma sikutsekereza mpweya wa vanishi ndi thina, umene umapweteketsa mutu n'kuchititsa chizungulire. Chothandiza ndi mphepo. Mankhwalawa amayakanso msanga, motero mbaula, kandulo ndi simbi ija zinkakhala kutali. Nsanza zopakira sitinkaziunjika pamodzi, tinkaziyanika payokhapayokha, chifukwa zonyowa ndi mafuta ena opaka matabwa zimatha kutentha zokha mpaka kuyaka.

Chinanso ndichitchule, popeza ndachiona m'midzi. Musathire thina, sipiriti kapena palafini m'botolo la zakumwa. Mwana amaona botolo, saona chimene chili m'katimo. Ngati wamwa, musamusanzitse, chifukwa mankhwalawo akabwerera amalowa m'mapapo. Thamangirani naye kuchipatala, botololo mutalinyamula.

Tisanapake, akalipentala ananyowetsanso thabwa pang'ono, nalisiya liume. Timaubweya ta thabwa tinadzuka, ndipo mwana wanga anatidutsitsa sandipepa wa 220 kamodzi kokha. Siteni anamuyesa kaye pa chidutswa chotsala cha chigamba chija, kenako kumbuyo kwa gitala, n'kumalizira kumaso. Ankapaka ndi kansalu, n'kupukuta wotsala asanaume. Vanishi anapaka mopyapyala katatu, tsiku lililonse kamodzi, m'mawa kamvuluvulu wa fumbi asanayambe. Anatiuza kuti vanishi wochindikala amalemetsa thabwa, ndipo thabwa lolemera silinjenjemera bwino, mawu a gitala amatsamwa.

Panali malo amodzi amene pensulo inazunguliza koma mwana wanga anakana kuwakhudza. Pamwamba, pamene mkono wamanja umatsamira poimba, vanishi anali atatha kalekale mvula ija isanabwere, ndipo thabwa linali litada ndi thukuta la abambo ake. Akalipentala anamuuza kuti pamenepo siteni salowa bwino, padzaoneka. Iye anati, "Paoneke, agogo. Apa si mvula yaononga." Bamboyo anangogwedeza mutu n'kufufuta pensulo ija ndi chala.

Choncho gitala yathu lero ili ndi mabanga awiri. Lina ndi la mkono wa abambo ake, lina ndi la phuma langa. Matuza asanu aja simungawapeze, ngakhale ndi tochi. Kunena zoona, sinawale ngati ya m'sitolo za ku Blantyre, koma nsambo zatsopano zitamangidwa inalira bwino, ndipo mlongo wake akuti ikulira monga ankaimvera ali wamng'ono.

Ngati kwanu kuli tebulo, kabati kapena gitala imene mukufuna kuikonzanso, isiyeni iume kaye, muiunike chammbali, muigogode, muipukute ndi kansalu konyowa, ndipo sandipepa wokhakhala mumusunge kutali ndi viniya. Chitini chitsegulidwe pomaliza.

Mwana wanga tsopano akuphunzitsa mlongo wake poika zala. Madzulo ndikamapeta mpunga pakhonde ndimamva akukangana m'nyumba. Tsiku lina mtsikanayo anafunsa za kabanga kotuwa ka m'mphepete. Mchimwene wake anayankha mokweza kuti ndimve, "Amenewo ndi amayi, ankatithandiza." Onse anaseka, inenso ndinaseka.