Mmisiri amene ankakana kupala manifold

Amuna a kwathu kuno kwa Atonga anali anthu a paulendo. Ena anakatha zaka ku Rhodesia, ena ku migodi ya ku Joni. Ulendo wa Wenela utaimitsidwa mu 1974, ndege yonyamula anthu a ku migodi itagwa ku Francistown, ambiri anabwerera kumudzi ndi mawailesi, njinga ndi masuti. Mmodzi anabwera ndi bokosi la masipanala, n'kukhazika galaja yake pansi pa mtengo wa mango pa Chintheche. Tonse tinkangowaitana kuti Ada, ngakhale ife ofanana nawo zaka.

M'zaka za m'ma 1980 matola athu anali a Peugeot 404, a Land Rover ndi kaNissan 1400 kopangidwa ku South Africa, ka injini ya A14. Kagalimoto kameneka kankasenza madengu a usipa, matumba a chinangwa ndi anthu pamwamba pake. M'mbali mwa nyanja kankathamanga bwinobwino, koma ukadutsa pa Mpamba kulunjika ku Mzuzu nkhani inkasintha. Nyanja yathu ili pa mamita osakwana 500 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Mzuzu ili pa mamita oposa 1,200. Msewu ukamakwera mpweya umapepuka, choncho injini imafooka panthawi yomwe ikufunika mphamvu zambiri.

Eni matola anamva kuti ku Joni kuli mankhwala ake: kupala manifold. Manifold ndi chitsulo cha mapaipi chimene chimalandira mpweya wosakaniza ndi petulo kuchokera mu kabuleta, n'kuugawira masilinda. Chikamachoka ku fakitale, m'kati mwake mumatsala malo okhakhala, ndipo mabowo ake nthawi zina sakumana ndendende ndi a mutu wa injini. Wopala amasalaza zimenezi kuti mpweya uziyenda mosapunthwa.

Ada ntchitoyi ankaidziwa, poti anaiona ikuchitika pa magalimoto a mpikisano wa ku Kyalami. Koma munthu akabwera ndi ndalama m'manja, iwo ankayamba amufunsa kuti, "Galimoto yanu imapita ku mpikisano kapena ku msika?" Kenaka ankamukhazika pa tayala n'kumulongosolera. Phindu la kupala limaoneka injini ikamazungulira mothamanga kwambiri, ndipo limakula ngati wasinthanso kabuleta, kamshafti ndi ekizozi. Matola odzaza okwera chitunda pa giya yachiwiri amafuna mphamvu yokoka ya pansi. Ukakulitsa mabowo mopyola muyeso, mpweya umayenda mwaulesi monga amachitira madzi a Luweya pamalo otambalala, ndipo mphamvu yokoka ija imachepa. Ukasalaza mpaka kunyezimira, petulo amamatirira m'mbali mwa paipi m'malo mosakanikirana ndi mpweya. Chinanso, chitsulo chimene wachichotsa sichibwerera, ndipo manifold ina sinkapezeka pafupi.

Ndiye ankatsegula boneti. Kawirikawiri ankapeza sefa ya mpweya yotsekeka ndi fumbi, mapulagi akuda bii, mapointi opsa, mavalavu osachunidwa, kapena gasiketi yoyamwa mpweya m'mbali. Akakonza zimenezi pa mtengo wochepa, ankamvetsera injini ndi sikuludiraiva yaitali ataigunditsa kukhutu, maso atatsinzina, ife tili chete ngati m'tchalitchi cha ku Bandawe. Galimoto ija m'mawa mwake inkafika ku Mzuzu osatsitsa anthu pa chitunda.

Sikuti tupa sankamugwira konse. Injini ikakhala kuti yamasulidwa kale, ankaika gasiketi pa manifold, kulemba mozungulira mabowo, n'kuchotsa kamlomo kotchinga mpweya kokhako. Pamenepo sankawonjezera mtengo, ati ntchito yake ndi ya mphindi zochepa.

Lero adzukulu athu amayendetsa ma Sienta ndi ma Probox a kompyuta, ena a manifold apulasitiki osapalika n'komwe, koma pa foni amaona anthu akunja akutamanda ntchitoyi ndipo mtima umawakwera. Ine ndimawauza zimene ndinaphunzira pansi pa mango paja: ngati galimoto ndi yodyetsa banja, ndalamayo igule oilo wabwino, sefa, mapulagi ndi mabuleki. Msewu wotsetserekera ku Usisya sufunsa liwiro la galimoto, umafunsa ngati ingathe kuima.