Khoma la Pabalaza Nalonso Limalera Ana

Kuno ku Zomba chithunzi cha pepala sichikhalitsa pakhoma. Tili m'tsinde mwa phiri lotalika kupitirira mamita 2,000, ndipo mvula ikayamba mu Novembala, chinyezi chimalowa m'nyumba mpaka Epulo. Pepala limachita chuku kuseri kwa galasi, chiswe n'kuyamba felemu. Chukuchi sichiwononga chithunzi chokha, chimavutitsanso mwana wodwala mphumu.

N'chifukwa chake kunyumba kwathu tinayamba kuganizira za zithunzi zosindikizidwa pa chitsulo. Osindikiza amatenga chithunzi chimene mmisiri anajambula ndi penti, n'kulowetsa utoto wake pa lata la aluminiyamu pogwiritsa ntchito kutentha. Lata limeneli silichita dzimbiri, chiswe sichilidya, ndipo likada timangopukuta ndi kansalu konyowa. Komabe lili ndi zovuta zake. Ndi lodula kuposa pepala, lonyezimira limathobwa m'maso likayang'anizana ndi zenera, ndipo dzuwa la tsiku ndi tsiku limafwifwitsa utoto. Choncho malo ake ndi khoma la mthunzi, pa msomali wolimba, poti ana sangaligwetse.

Funso limene linatitengera nthawi silinali la chitsulo ayi, koma la chojambulidwacho. Kalendala timaichotsa chaka chikatha, koma ichi mwana adzachiona ali ku pulayimale mpaka tsiku lochoka pakhomo. Chimene maso aona m'mawa ndi madzulo chimakhazikika mumtima popanda wochiphunzitsa.

Tinagwirizana zinthu zitatu. Choyamba, chithunzi chikhale chokongoletsa nyumba, osati chogwadira kapena chopemphererapo, monga lamulo lachiwiri pa Eksodo 20 litichenjezera. Chachiwiri, chipirire muyeso wa Afilipi 4:8: ngati tingachite nacho manyazi pa mapemphero otsegulira Sabata, sichiyenera khoma lathu ngakhale Lachiwiri. Chachitatu, ana adzionemo. Zithunzi zambiri zogulitsidwa m'masitolo zimaonetsa chipale chofewa ndi nyumba za kutali, ngati kuti kukongola kumakhala kwa eni okha. Chonsecho Mlengi anatipatsa mathithi a Williams, damu la Mulunguzi, ndi nyanja ya Chilwa imene imaoneka patali munthu akaima pa Emperor's View. Amayi ogulitsa masitiroberi m'njira ya ku Chawe nawonso ndi oyenera kujambulidwa.

Kujambula si kwachilendo kwathu kuno. Makolo anasiya zithunzi pa miyala ya ku Chongoni, ku Dedza, malo amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Lero ajambuli alipo mu mzinda momwe muno, ena ophunzira za luso ku Yunivesite ya Malawi, ena olemba zikwangwani pa malata. Apa pali nkhani ya chilungamo. N'kosavuta kutenga chithunzi cha munthu pa Facebook n'kukachisindikiza mwini wake osadziwa, koma kumeneko n'kukolola m'munda mwa wina. Ife tinasankha kupempha chilolezo kwa wojambula ndi kumulipira, ngakhale zinatanthauza chithunzi chimodzi m'malo mwa zitatu.

Ndipo chimodzi n'chokwana. Tisalowe m'ngongole kapena kudula ndalama ya fizi chifukwa cha khoma. Musanagule, khalani pansi ndi ana anu, muwafunse chimene akuona pa chithunzicho. Yankho lawo lidzakuuzani ngati chili choyenera kukhala nanu zaka makumi awiri.