Nsomba zimene ndimalola kukhala ndi discus

Ntchito yanga ndi yokonza ndi kusamalira mathanki a nsomba m'nyumba za anthu kuno ku Johannesburg. Ndimasintha madzi, kutsuka masefa, kuyeza kutentha kwa madzi, ndipo nsomba ikasiya kudya foni imalira kwa ine. Makasitomala akamva kuti kwathu ndi ku Malawi amasangalala, poti aliyense woweta nsomba za m'thanki amadziwa mbuna. Sipapita nthawi funso limabwera: "Ndiye mbuna zakwanuzo sindingaziphatikize ndi discus? Paja zonsezi n'za banja limodzi."

Banja ndi limodzidi, la cichlid, momwenso muli chambo ndi utaka. Koma chibale chake chathera pomwepo. Discus kwawo ndi ku Amazon, m'mitsinje ngati Rio Negro ku Brazil, komwe madzi ake ndi oderako ngati tiyi wopanda mkaka chifukwa cha masamba owolerana. Madzi amenewo ndi ofewa, pH yake imakhala pansi pa 7, pomwe a m'nyanja yathu ya Malawi amafika cha pa 8. Ndiye onjezanipo khalidwe. Mbuna imadzuka n'kuyamba kulondera mwala wake, kuthamangitsa aliyense wodutsa. Discus ndi nsomba yobulungira, yaphanthiphanthi, yoyenda mwaufulu, yosadziwa kuthawa. Mukaziphatikiza, discus imada thupi lonse, mizere yake yoimirira imaonekera kwambiri, kenaka imakaima pakona zipsepse zitafwamphira.

Ndikamasankha zokhala ndi discus, ndimayamba ndi kutentha. Discus imafuna madzi a madigiri 28 mpaka 30, ndipo nsomba zambiri za m'mashopu zimakonda cha pa 24 kapena 25. Zikaikidwa m'madzi otentha chonchi sizifa tsiku lomwelo ayi. Zimangokalamba msanga, n'kumatha imodziimodzi, mwini wake akudabwa kuti walakwa chiyani. Apa ndi pamene anthu ambiri amapusitsika ndi neon tetra. Imafanana kwambiri ndi cardinal tetra, komanso ndi yotsika mtengo, koma kutentha sikupirira. Kuzisiyanitsa n'kosavuta: cardinal mzere wake wofiira umayambira kumutu mpaka kumchira, pomwe neon kufiirako kumayambira pakati pa thupi. Cardinal imachokera ku Rio Negro komweko, ndipo asodzi a m'tauni ya Barcelos akhala akuigwira n'kumaitumiza kunja kwa zaka zambiri. Ndimagula zazikulu kale, 15 kapena 20 nthawi imodzi, chifukwa kakang'ono kwambiri discus yaikulu imakameza.

Magetsi akathima, nkhani ya kutenthayi imakula. M'nyengo yozizira ya Johannesburg thanki imazizira msanga hita ikasiya, komanso madzi otentha sasunga mpweya wambiri. Choncho thanki yodzaza nsomba zambirimbiri ndi imene imayamba kuvuta pampu ikaima. N'chifukwa chake sindikonda kuunjika.

Koma chimene chimandiuza zoona zenizeni ndi nthawi ya chakudya. Muione discus ikudya. Imayandikira pang'onopang'ono, kuyang'ana kachidutswako, kukatola, kukalavula, kukatolanso. Chikagwera pansi imaweramira pamchenga n'kuuzira madzi kuti chakudyacho chinyamuke, ndiyeno n'kuchigwira. Kakamwa kake n'kakang'ono poyerekeza ndi thupi. Nsomba iliyonse yadyera, ngakhale isalume mnzake, imaigoneka ndi njala. Pa chifukwa ichi angelfish ndimaikayikira. Alipo anzanga a ntchito yomweyi amene amaziweta pamodzi ndipo zimawayendera, sindingawatsutse. Nayonso ndi ya ku Amazon, kutentha imapirira. Kungoti chakudya chikangogwa, angelfish imakhala itafika kale, ndipo discus zazing'ono zimene zikufunika kudya kangapo pa tsiku zimapinimbira. Discus yopinimbira mumaidziwa ndi diso: limaoneka lalikulu mosagwirizana ndi thupi, ndipo ikafika pamenepo siikulanso bwino. Za tiger barb sindichedwa nazo, imadya zipsepse za anzake. Clown loach ndi yokongola ikadali yaing'ono, koma imakula mpaka pafupifupi masentimita 30, ndiponso siipuma.

Ina ndi nkhani ya usiku. Kasitomala akandiuza kuti discus yake ili ndi zipsera zozungulira m'mbali koma m'thanki mulibe ndewu, ndimafunsa ngati muli pleco. Anthu amaigula kuti izidya ndere pagalasi. Ikakula, magetsi a thanki akathimitsidwa, imakakamira pathupi la discus n'kumayamwa ntchofu yoterera ya pakhungu. Discus thupi lake ndi lotakata, ndipo ikagona imangoima malo amodzi, choncho pleco imaipeza mosavuta. Chinese algae eater nayo imachita zomwezo ikakula. Ndimawauza kuti adzuke pakati pa usiku ndi tochi adzionere okha. Ngati akufunadi yodya ndere, ndimawapatsa bristlenose imodzi, yomwe siipitirira masentimita 13 kapena 15, n'kuiikira chikuni choti izibisalamo. Nayonso ndimaiyang'anitsitsa milungu yoyamba.

Pansi pa thanki ndimaika Corydoras sterbai, timilamba ting'onoting'ono ta madontho oyera kumutu. Uwu ndi umodzi mwa mitundu ya Corydoras imene imapirira kutentha bwino. Zimafuna kukhala zisanu ndi imodzi kapena kuposerapo, pamchenga wosalala kuti ndevu zake zisathe. Zimatola zotsalira, komabe si zotsukira thanki, madzi muzisinthabe mlungu uliwonse. Amene akufuna kamtundu kena kowala ndimamupatsa blue ram ziwiri, yaimuna ndi yaikazi. Kwawo ndi ku Venezuela ndi Colombia, ndipo kutentha zimakukonda monga discus yomwe.

Imene ndimaikonda kuposa zonse ndi rummy-nose tetra. Imayenda pagulu lothinana, onse kutembenuka nthawi imodzi, ndipo discus ikaona tinsomba tikusambira poyera mopanda mantha nayonso imatuluka kobisala. Mphuno yake ndi yofiira kwambiri madzi akakhala abwino. Ndikalowa m'nyumba ya kasitomala n'kupeza mphunozo zatuwa masana, ndimatulutsa zoyezera madzi ndisanafunse n'komwe kuti anasintha liti.

Zonsezi ndimazikamba pambuyo pofunsa funso lina: discus zenizenizo muli nazo zingati? Ziwiri kapena zitatu sizikhalitsana, yamphamvu imazunza imodzi mpaka kuilepheretsa kudya. Zikakhala zisanu kapena zisanu ndi imodzi, ukaliwo umagawikana. Iliyonse yaikulu ndimaiwerengera malita 40, ndiye thanki ya malita 250 yadzaza kale musanaikemo tetra ndi imodzi yomwe. Ambiri ndalama imene akufuna kugulira nsomba zina ndimawalangiza kuti agulire discus ina. Ndipo ziwiri zikakondana n'kuyamba kutsuka malo oikira mazira, alendo onse amakhala adani. Ana a discus amadya ntchofu ya pathupi la makolo awo masiku oyamba, akumamatira m'mbali mwa bambo ndi mayi mosinthanasinthana, ndipo tetra zomwe zija zimawatola onse. Wofuna ana azipatulire thanki yawoyawo.

Nsomba yatsopano, ngakhale ioneke yathanzi bwanji, siilowa m'thanki yaikulu tsiku logula. Imakhala m'kathanki kapadera milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi, ndi ukonde wake, payipi yake, chidebe chake. Tizilombo timene tetra imayenda nato osadwala timatha kugwetsa discus. Nthawiyo ikatha ndimatenga discus imodzi, yotsika mtengo pa zonse, n'kukaiika kwa alendowo kwa milungu iwiri. Ikamadya bwino, mtundu wake osada, ndowe zake osayera, ndimasamutsira onse m'thanki yaikulu madzulo, magetsi ake atathimitsidwa, discus zitadya kale.